Zimene Anapeza M'khungu la a Kalipentala

Adokotala anali mayi wamfupi wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Anadikira kuti onse akhazikike. A Kalipentala anali pa njinga ya odwala, akazi awo pa benchi, ndipo alongo awo aakulu a Kalipentala anakhala pa mpando wa kukhomo atakumbatira chikwama.

"Kachidutswa ka khungu tinadula pachikhatho kaja kayezedwa," anatero adokotala. "Si khansa. Tiyambe tathokoza pamenepo."

Akazi a Kalipentala anamva mtima ukubwerera m'malo. Anthu a mumsewu mwawo ankawatcha Mayi Simbi, chifukwa ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Chiyambire amuna awo kudandaula dzanzi kumapazi, kusanza m'mawa ndi tinjerewere tolimba m'zikhatho, dzina limene ankaliopa linali lomwelo, khansa. Koma adokotala sanamwetulire.

"Tapeza china. M'khungumo, m'zikhadabo ndi m'tsitsi muli chinthu chotchedwa aseniki, chochuluka kuposa mmene chiyenera kukhalira m'thupi la munthu. Si mankhwala amene takupatsani ife kuno. Ndi poizoni, ndipo zikuoneka kuti wakhala akulowa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali."

"Kulowera kuti?" anafunsa alongo awo aja.

"Kawirikawiri pakamwa. Amapezeka m'madzi a zitsime zina, m'mankhwala ena ophera makoswe ndi tizilombo, komanso m'matabwa obiriwira aja amene amanyikidwa kuti chiswe chisadye. Bambo, amenewo mumawagwira?"

"Ndimawagwira," anayankha a Kalipentala. "Mipanda, mageti, mabenchi apanja. Koma ndili ndi mnzanga, a Ndevu. Timacheka thabwa limodzi, iwo mbali iyo ine mbali ino. Iwowo ngakhale chimfine sachidziwa."

"Zidutswa zake mumaphikira kunyumba?"

"Timaphikira makala," anatero Mayi Simbi.

"Nanga mankhwala azitsamba? Mowa? Fodya?"

"Ayi. Fodya ndinasiya kalekale."

"Anasiya mayi athu akumwalira," anawonjezera alongo awo. "Analumbira atawagwira dzanja, ine ndili pomwepo."

Mayi Simbi anangoyang'ana simenti ya pansi.

Alongo aja anasuntha chikwama chawo. "Adokotala, mundikhululukire, ine sindinapite patali ndi sukulu. Chinthu chimenechi munthu akhoza kumam'thirira mnzake m'chakudya?"

Adokotala anavula magalasi n'kuwapukuta. "N'zotheka. Koma ine sindinanene choncho. Tiyeze kaye madzi akunyumba, tiyezenso mayiwa, poti amadya mbale imodzi. Ndikuuzenitu poyera kuti gwero lake likapanda kupezeka, ndidzayenera kudziwitsa apolisi. Ndi mmene ntchito yathu imayendera."

Namwino anabwera ndi sizasi. Anadula tsitsi pang'ono kunkhongo kwa Mayi Simbi, n'kuwawenga zikhadabo, zonse n'kuika m'kabotolo. Pamene ankatero, Mayi Simbi anayang'ana amuna awo. Amuna awo ankayang'ana zikhatho zawo.

A Kalipentala anawagoneka m'chipatala n'kuwayambitsa mankhwala okokera poizoniyo kunja. Mawa lake masana Mayi Simbi anafika ku wodi ndi bakuli ya mpunga ndi nyemba, yokulungidwa m'kansalu kuti isazizire. Anapeza alamu awo atafika kale, akutsegula bakuli yawoyawo pa kabati ya pambali pa bedi.

"Musavutike, mlamu," anatero alamuwo ndi mawu ofewa. "Inu ntchito yakuchulukirani. Zakudya za achimwene ndizibweretsa ine mpaka zinthu zidziwike."

"Ndaphika kale, alamu."

"Mukadya madzulo. Sizionongeka."

Mayi Simbi anatembenukira kwa amuna awo. Chikhalire m'banja, a Kalipentala anali munthu wosadya kwa eni. Ngakhale paukwati ankangolawa, n'kumasunga njala kuti akadye kunyumba. Tsopano anayang'ana bakuli ya akazi awo, anayang'ana ya alongo awo, kenako anati, "Mayi, lero m'mimba simuli bwino. Ndingomwa kamsuzi ka achemwaliwa."

Bakuli ija inabwerera kunyumba yosatsegula. Mawa lakenso chimodzimodzi. Mayi Simbi sanasiye kuphika. Ankaona kuti tsiku limene adzapite chimanjamanja, zidzakhala ngati avomera.

Madzulo ena akuanula zovala, alamu awo anatulukira pageti. Anati abwera kudzatenga juzi ya odwala, koma anapitirira kukhitchini. Mayi Simbi ankamva ali panja zivundikiro zikulira, kabati ikutsegulidwa, thumba la ufa likukokedwa. Potuluka, alamuwo ananyamula kapaketi ndi nsonga za zala.

"Ichi n'chiyani, mlamu?"

"Mankhwala a makoswe. Anagula ndi achimwene anu omwewo chaka chatha, makoswe ataboola malaya a eni ake."

"Ndiye muwasunge kukhitchini?"

"Anali pamwamba pa khoma, kumene mwana sangafike."

"Mwana wake uti? Ana anu onse anachoka." Alamuwo anaika kapaketiko m'chikwama. "Ine sindikunena kanthu. Ndikungowapatsa adokotala aone."

Sananene kanthu, koma nkhani inayenda. Aphunzitsi a kuseri anatumiza uthenga woti sabata ino azichapa okha. Mayi a pagolosale, amene kale ankawaimitsa ndi macheza mpaka sopo kuiwalika pa kauntala, anayamba kuwapatsa katundu nkhope ili ku wailesi. Mayi Simbi ankasita malaya a anthu ochepa amene anatsala, kolala n'kuibwereza kawiri, maganizo ali pa kabotolo kaja. Anadzipeza akupempherera chinthu chachilendo, kuti nawonso awapeze ndi poizoni. Ankadzitsina zala za kumapazi kuti amve ngati zachita dzanzi. Ankayang'ana zikhatho zawo padzuwa. Zinali zotumbuluka ndi sopo basi.

Zotsatira zitabwera, adokotala anawaitanira m'kachipinda komwe kaja.

"Mayi, inu muli bwinobwino. M'tsitsi ndi m'zikhadabo mulibe chodetsa nkhawa. Madzi akunyumba kwanunso ndi abwino. Kapaketi kamene alamu anu anabweretsa ndi ka mtundu wina, kalibe aseniki."

"Ndiye kuti ndayera?"

"Ndiye kuti chinthucho chimalowa mwa iwo okha. Sindinachipezebe. Ganizirani bwino, mayi. China chilichonse chimene amadya, kumwa kapena kutafuna, chimene inu simukhudza."

"Amadya zimene ndaphika ine," anatero Mayi Simbi, ndipo atamva mmene mawuwo amvekera, anatseka pakamwa.

"Ndidikirako mpaka sabata yamawa," anatero adokotala. "Kupitirira apo sindingathe."

Alamu awo atamva za kapaketi, anangoti, "Paketi imodzi si mapaketi onse."

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunali kutapachikidwa ovolosi ya a Kalipentala chichokere kuntchito tsiku lomaliza. Mayi Simbi ankaizemba, chifukwa inkanunkhira utuchi ndi thukuta la mwini wake. M'mawa wina anaitsitsa kuti aichape. Wochapa aliyense amayamba ndi matumba, ndipo m'kathumba kam'kati, kamene a Kalipentala anasokerera okha ndi ulusi wa nsapato, anapezamo kachitini kapolishi kakale.

Sanadabwe nako. Ankakadziwa kalekale, ndipo fungo lokha linkawauza zimene zinalimo. Amuna awo anasiyadi ndudu apongozi akumwalira, koma sipanapite nthawi anayamba fodya wopera, woika kuseri kwa mlomo, amene satulutsa utsi. Nthawi zonse pochapa, Mayi Simbi ankatulutsa kachitiniko, n'kukaika pawindo, ovolosi ikauma n'kukabwezera m'thumba momwemo. Sanafunsepo. Amuna awo sananenepo. Munthu amene analumbira pamaso pa mayi ake akufa, n'kulephera, manyazi ake amamukwanira.

Fodya ndi fodya, anaganiza choncho. Amalume awo anamubwira mpaka kukalamba, mano okha ndi amene anada. Koma mawu a adokotala anabwerera, akuti chimene inu simukhudza. Anakanula chivundikiro ndi chikhadabo. Kanali koyamba kukatsegula. Fodyayo sanali wofiirira ngati wa amalume awo. Anali wotuwa, ndipo atamupendeketsa padzuwa ankaoneka wobiriwira pang'ono.

Anasiya ovolosi m'beseni, anamanga kachitiniko pansonga ya mpango, n'kutseka nyumba.

Shedi ya akalipentala inali kuseri kwa malo okonzera matayala. Munali benchi yaitali, macheka atapachikidwa pamisomali, ndi geti losatha litatsamira khoma. A Ndevu anali akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'ndevu zawo zomwezo.

"Alamu afika," anatero akuika pansi chopalira. "Nanga waulesi uja akuti adzuka liti? Wandisiyira geti la eni ake, iye n'kukagona pa bedi la boma, anamwino akumutembenuza ngati nyama yowotcha."

"Akupezako pang'ono. Kusanza kwasiya."

"Mukamuuze kuti ndikamaliza ndekha, dzina lake ndifufuta pachikwangwani." Anaseka, koma ataona nkhope ya Mayi Simbi kuseka kunatha. "Zimene akunena anthuzi ndazimva, alamu. Ine ndinawayankha kuti mukanafuna kumupha mukanangomumenya ndi simbi, osati kuvutika miyezi yonseyi."

Mayi Simbi anamasula mpango. "A Ndevu, fodya uyu amagula kuti?"

A Ndevu anayang'ana kachitini, anayang'ana kudenga. "Fodya wake uti?"

"Musandichedwetse. Ndakhala ndikukachotsa m'thumba ndi kukabwezera chiyambire."

"Ha. Ndiye iye amayesa ndi wochenjera." Anakanda m'mutu. "Sagula wopera. Amati akapita kwa ogulitsa, nkhani ikafika kwa achemwali ake tsiku lomwelo. Amagula masamba kwa munthu wa pa basi, n'kumapera yekha muno. Bwerani muone fakitale yake."

Anawatengera kuseri kwa shedi. Pansi pa lata panali kambaula kopangidwa ndi chitini cha penti, pamwamba pake kapoto ka guluu. Pambali panali mulu wa tizidutswa ta matabwa, tambiri tobiriwira. Pa msomali panapachikidwa kasefa katiyi kothyoka chogwirira. Mayi Simbi anakazindikira. Kanasowa kukhitchini kwawo chaka chatha, ndipo anakafuna mpaka pansi pa kabati.

"Fodya wam'kamwa amafuna phulusa kuti alume," anafotokoza a Ndevu. "Kale ankatapa la makala. Ndiye titayamba kulandira ntchito za mipanda, tizidutswa tinachuluka, tinayamba kutenthetsera guluu timeneti. Iye akuti phulusa lake ndi losalala ngati ufa, ndiponso limaluma kuposa. Amasefa bwinobwino, munthu waukhondo. Amati thabwa limene chiswe chimaliopa ndi thabwa loyera."

"Inu mumabwira nawo?"

"Ine? Ndinalawa kamodzi, ndinaona shedi ikuzungulira." Anaima. Anayang'ana mulu wa tizidutswa, anayang'ana phulusa lotuwa mobiriwira m'kambaulamo, ndipo dzanja lawo linapita pakamwa. "Alamu. Chiswe chimaliopa chifukwa chiyani?"

Mayi Simbi anakhala pa chipika.

"Sindikudziwa ngati n'zimenezo," anatero. "Mwina si zimenezo. Nditapireni phulusalo m'kapepala. Musaligwire ndi manja."

Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono. Akanatha kupita kwa adokotala molunjika, amuna awo osadziwa. Koma adokotala akanafunsabe mwini wake, ndipo alamu awo sachoka pambali pa bedi. Njira yobisa panalibe. Komanso mwina akanaulula chinsinsi cha munthu pachabe, labotale n'kudzati phulusalo lilibe kanthu. Pamenepo akanakhala mkazi wothira poizoni amenenso amanyazitsa mwamuna wake ali pa bedi. Anafika kunyumba, anaphika mpunga ndi nyemba monga mwa masiku onse.

Nthawi yoona odwala, wodi inali yodzaza ndi anthu ndi fungo la zakudya zosiyanasiyana. Alamu awo anali atakhala pa mpando wokhawo, akupukuta supuni. A Kalipentala anali atatsamira pilo, ataonda m'masaya.

Mayi Simbi anaika bakuli yawo pa kabati. Kenako anamasula mpango, n'kuika kachitini kaja pa bulangete, pafupi ndi dzanja la amuna awo.

"Bambo, ndimachapa ovolosi yanu."

A Kalipentala anakayang'ana ngati njoka yagwa kuchokera kudenga. Dzanja lawo linasuntha kuti likaphimbe, koma linaima panjira.

"Polishi wa chiyani m'chipatala?" anafunsa alamu aja.

"Ndinapitanso ku shedi," anapitiriza Mayi Simbi, maso ali pa amuna awo. "Ndaona kambaula. Ndaona nkhuni zimene mumasonkhezera. Kasefa kanga ndakapezanso. Adokotala anati chimalowa pakamwa, ndipo anatchula matabwa obiriwira. Ine sindinena zambiri. Munene ndinu."

"Anene chiyani? Mlamu, munthu akudwala uyu."

Pa bedi loyandikana wina ankakoka tiyi ndi mkokomo. A Kalipentala akakana, Mayi Simbi analibenso china.

"Ndi fodya, achemwali," anatero a Kalipentala potsiriza, mawu ali pansi. "Ndi wanga. Ndimasakaniza ndi phulusa la ku shedi."

"Inu munasiya."

"Ndinasiya ndudu."

"Munawagwira dzanja mayi."

"Ndinawagwira." Anayang'ana kachitini kaja. "Sindinaganize kuti n'kukhala zimenezi. Phulusa ndi phulusa, ndimatero. Moto umapsereza zonse."

"Ndiye adokotala akufunsani pamaso panga, inu n'kunena kuti ayi?" Alamuwo anaimirira, supuni ili m'manja. Anatembenukira kwa Mayi Simbi. "Inunso mumadziwa?"

"Za fodya ndimadziwa. Za phulusa ndadziwa lero."

"N'kungokhala chete, anthu akukunenani msewu wonse?"

"Sichinali changa choti ndinene, alamu."

Alamuwo anaika supuni pa kabati n'kutuluka kupita pakhonde.

Namwino anakaitana adokotala. Anabwera, anamvetsera, anatsegula kachitini atavala magolovesi, n'kuyang'ananso phulusa la m'kapepala. Anafunsa kuti amabwira kangati, chiyambire liti, ndipo malovu amalavula kapena amameza. A Kalipentala anayankha zonse atazolika. Pantchito ankameza, kuopa kuti makasitomala angaone.

"Moto supsereza aseniki," anatero adokotala. "Thabwa limatha, iye wambiri amatsalira m'phulusa. Sindilonjeza labotale isanayankhe, koma nthawi yonseyi ndimafuna chinthu chonga ichi. Mnzanu uja abwere timuyeze, ndipo kambaulako asakayatsenso. Za apolisi ziyambe zaima." Anayang'ana a Kalipentala pamwamba pa magalasi. "Mukanandiuza tsiku loyamba lija, bambo."

"Nanga mapaziwa adzabwerera?" anafunsa Mayi Simbi.

"Pang'onopang'ono. Mwina osati onse."

Adokotala atachoka, awiriwo anatsala okha. Pa kabati panali mabakuli awiri. Kudzera pawindo ankaona alamu aja ataima pakhonde, atafulatira, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mumakabwezera ndinu m'thumba muja," anatero a Kalipentala. "Ine ndimayesa simufikamo."

"Ndine wochapa, bambo."



"Munakhulupiriradi kuti ndine ndimakuthirirani?" anafunsa Mayi Simbi.

"Sindinakhulupirire. Ndinangochita mantha."

"Mantha ndi ine."

A Kalipentala sanakane. Anayang'ana zikhatho zawo zija, kenako anatambasula dzanja kulunjika pa kabati. Linadutsa bakuli ya alongo awo n'kugwira kansalu kokulunga inayo. Anayesa kumasula mfundo, koma zala zadzanzi zinkangoterereka.

"Mwaphika chiyani, mayi?"

"Zomwe zija mwakhala mukubweza."

"Ndithandizeni kumasula."

Mayi Simbi anawasiya alimbane nayo mfundoyo pang'ono. Kenako anakoka mpando, anakhala, n'kuimasula. Mpunga unali utayamba kuzizira. Anawaikira supuni m'dzanja, anawapindira zala kuti igwirike, ndipo anakhala pomwepo akuwayang'ana mpaka atameza.